Mchenga m'Kagudumu

"Azakhali, siyani! Siyani chimenecho!"

Leah anakuwa ndowa ikadali pamutu, madzi n'kumutayikira kumsana. A Ebelesi, mlongo wawo wa malemu atate ake, anali atakhala kuseri kwa nyumba pakati pa mapoto a pamaliro, miyendo atatambasula. M'manja mwawo munali thanki ya malemuwo, a Dyson, kachigubu kakuda ka pulasitiki kotsukiramo filimu, ndipo ankaikwecha ndi mchenga wosakaniza ndi phulusa monga akwechera poto wopserera nyemba.

"Ukukuwa ngati waponda njoka bwanji?" anatero a Ebelesi osasiya kukwecha. "Ndikutsuka katundu wa mlongo wanga. Loweruka tikameta, zonsezi ziyalidwa pamkeka kuti abale azione. Ufuna anthu akanene kuti Dyson ankasunga zinthu zamathotho ngati za m'khola?"

Panali patapita masiku awiri chiwaikireni m'manda a Dyson Mbewe, wojambula zithunzi wa paboma la Chadiza. Anagwa panjinga Lamulungu madzulo pochokera kwa Mlolo, mtima utangoima, kamera ili m'khosi. Chinali chaka cha 1994, ndipo anzawo ojambula anali atayamba kutumiza mafilimu ku Chipata kuti akatsukidwe ndi makina. A Dyson okha anakakamira zithunzi zakuda ndi zoyera, zotsuka ndi manja awo m'kachipinda kopanda zenera kuseri kwa nyumba. Leah anayamba kulowa nawo m'kachipindako atangosiya sukulu giredi naini. Zaka zisanu ndi ziwiri zinadutsa, koma abale ankangodziwa kuti mwanayo amakasesamo.

Anatula ndowa n'kugwada. M'thanki muja mumalowa kagudumu kokhala ndi tinjira tozungulira, momwe filimu imakulungidwa mumdima isanathiridwe mankhwala. A Dyson anali ndi timagudumu tiwiri. Kamodzi a Ebelesi anali atakatsamiritsa pafuwa la pamoto kuti kaume msanga, ndipo kanali katapindika ngati khutu la galu. Kotsalako anali atakakwecha kale n'kukapaka mafuta odzola kuti kawale. Kankawaladi. Leah atakapotoza, kanamveka kukukuta, mchenga uli m'tinjira tonse.

"Nanga madzi a mumgolo, azakhali? Aja a mvula amene atate ankasunga?"

"Tinaphikira anthu dzana. Anali oyera bwino."

A Ebelesi sanali munthu woipa ayi. Analira mlongo wawo mpaka mawu kusasa, ndipo chifikireni kuchokera ku Pembamoyo sanakhalepo pansi popanda ntchito m'manja. Vuto lawo linali la anthu akhama: sankafunsa. Amati safunsa anadya phula, koma apa phulalo anadyetsa ena. Leah anapsa mtima koma anadzigwira, chifukwa pamaliro a atate ako sukalipira mlongo wawo.

Nthawi yomweyo kunamveka kulira kumaso kwa nyumba. Anali mayi wachitsikana, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Chitenje anachimanga pachifuwa monga amangira wobereka mwana, koma kumsana kunalibe kanthu. Analowa m'siwa, analira nthawi yake, kenaka anapepesa a Mailesi, mkazi wa malemu, amene anali atakhala pansi atatsamira khoma. Atatha anapempha kuonana ndi mwana wa a Dyson, ndipo Leah anaitanidwa.

"Ndine Fainesi, wa kwa Mlolo," anatero mayiyo maso ali pansi. "Lamulungu atate anu anajambula mwana wanga, Tiyanjane. Anali ndi chaka ndi miyezi iwiri. Ankadwala, koma tinkati achira. Lolemba anatisiya. Tinaika Lachiwiri, tsiku lomwe munaika kuno."

"Ndiye wachoka pasiwa usanamete?" anafunsa a Ebelesi ataima pakhomo, manja akadali a phulusa.

"Ndachoka, amayi. Akandinena andinene. Mwana wanga sanajambulidweko kwina. Ndikatsinzina ndikumaona diresi lake lokha, nkhope osaiona bwino. Ndikuopa kuti ikundithawa."

"Filimuyo ikadali m'kamera," anatero Leah.

Onse anayang'ana a Ebelesi. Kamera inali m'chikwama chawo, ndipo chikwamacho ankachitsamira pogona. Chiyambire tsiku loika, anali atanena poyera kuti kamera ndi zonse za m'kachipinda zipita kwa mwana wawo Oscar, mphwawo wa malemu, monga kumachitikira kwawoko.

"Alamu, mupatseni mwanayo atsuke," anatero a Mailesi ndi mawu otopa.

"Alamu, inu ndinu wamasiye, khalani chete mulire. Zida za malemu sizigwira ntchito anthu asanamete. Mufuna mwana adzitsekere mumdima ndi katundu wa munthu amene sanathe sabata m'manda? Oscar abwera Loweruka, adzaona yekha chochita."

"Oscar akadzaigwira adzatsegula kumbuyo kuti aone zili m'katimo," anatero Leah. "Filimu yosatsuka ikaona kuwala, basi, zonse zafufutika. Kamerayo tengani, azakhali, sindikuilimbira. Koma chili m'katimocho si katundu wa atate. Ndi mwana wa amayi awa."

"Ine ndinaika ana atatu," anatero a Ebelesi, "ndipo ndilibe chithunzi cha ndi mmodzi yemwe. Ndinafa?"

Anatembenuka n'kubwerera ku mapoto awo. Fainesi sanalire. Anangoti mayi wina wa kwawo amene anakwatiwa pafupi ndi msika amusunga mpaka Loweruka, ndipo akapanda kuchiona chithunzicho abwerera choncho.

Leah sanakanganenso ndi munthu. Ngakhale kamera ikanatuluka m'chikwama nthawi yomweyo, filimuyo sakanaikulunga pa kagudumu kaja. Kamchenga kamodzi kamakanda filimu kuchokera koyamba mpaka kumapeto, ndipo mafuta amaletsa mankhwala kugwira, nkhope n'kutuluka yamawanga. Kagudumu kena kunalibe m'boma lonse, ndipo makina a ku Chipata ankangotsuka zamitundu. Choncho anatola thanki, chivundikiro chake ndi kagudumu, nanena mokweza kuti onse amve:

"Azakhali anati katundu atsukidwe. Ndikukamaliza kutsuka."

A Ebelesi anangopitiriza kukwecha mapoto awo.

Fainesi anamutsata osaitanidwa. Anapita awiri kumjigo, natunga zidebe ziwiri. Madzi a pamjigowo ankasiya zoyera m'ketulo, n'chifukwa chake a Dyson ankasunga a mvula. Leah anawawiritsa, anawasiya kuti adikhe, kenaka anawasefa pa nsalu yoyera yopinda kanayi, Fainesi atagwira m'mbali. Anapotoza kagudumu n'kukalekanitsa mbali ziwiri, naziviika m'madzi ofunda a sopo. Anatenga mswachi wakale umene atate ake ankaupachika pamsomali kuseri kwa chitseko, nayamba kutsuka kanjira kakunja, pang'onopang'ono, kuzungulira mpaka pakati. Akamaliza ankayambanso.

"Mukamaliza liti?" anafunsa Fainesi.

"Chala chikayamba kulira pa pulasitikiyu. Pano chikungoterereka, ndiye kuti mafuta akadalipo."

Madzi oyamba anatuluka otuwa, mafuta akuyandama pamwamba. Achiwiri chimodzimodzi. Amayi amene ankaphika anasiya kucheza n'kumaonerera, ena akunong'onezana kuti chisoni chamusokoneza mwanayo, wakhala theka la tsiku akutsuka kanthu kosadyeramo munthu. Leah anamva, koma sanadzutse mutu. Atate ake ankati filimu imafa lero chifukwa cha thanki ya dzulo, ndipo usiku sankadya thanki isanatsukidwe n'kuvundikiridwa. Kangati Leah anadandaula ndi ntchito imeneyi, nsana ukuwawa, anzake ali kumpira wa manja? Tsopano ankaigwira misozi ikudontha m'beseni, osadandaula.

Atatsukuluza kasanu ndi kawiri, chala chinalira. Anapachika mbali ziwiri za kagudumu pa ulusi pansi pa mtengo wa mango, pamthunzi, nazikuta ndi nsalu yopyapyala kuti fumbi la mwezi wa Okutobala lisazipeze. Thanki anaivundikira pa nsalu ina. Kagudumu konyowa sikalandira filimu, ndipo ntchito za moto Leah anali ataziona kale, ndiye panalibe kuchitira mwina koma kudikira mawa.

Lachisanu m'mawa Fainesi anafika dzuwa lisanakwere. Leah analumikiza kagudumu, natenga filimu yakale yowonongeka imene ankaphunzirira ali mtsikana. Anakhala pakhonde, anatsinzina, nayamba kuikulunga monga amachitira mumdima, dzanja ili kutsogolo, ili kumbuyo. Filimu inalowa bwino mizere itatu, kenaka inakakamira n'kupindika. Anaitulutsa n'kuiyang'ana padzuwa. Panali mzere watsopano, wowonda ngati tsitsi, kuchokera pamwamba mpaka pansi.

"Mzere umenewu ukanadutsa pankhope ya Tiyanjane," anatero.

"Ndiye zakanika?"

"Sizinakanike. Mwatsala mchenga."

Pakhomo pa kagudumu pali timipira tiwiri tachitsulo togwira filimu, ndipo kamodzi sikankayenda. Singano ikanakanda pulasitiki, choncho Leah anasongola kamtengo ka machesi n'kuyamba kutokosa kuseri kwa kampirako. Kamtengo koyamba kanathyoka, kachiwiri kanaphwanyika nsonga. Pa kachitatu panatuluka timchenga tiwiri, ting'onoting'ono moti Fainesi anachita kuyandikitsa diso kuti atione. Leah anatsukanso kagudumu konse kuyambira poyamba, nakapachikanso pamthunzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma tsiku linali likupita, ndipo Oscar anali atatumiza uthenga woti akwera minibasi yoyamba ya Loweruka.

Dzuwa litapendeka kagudumu kanauma. Leah anakhalanso pakhonde natsinzina. Ulendo uno filimu yakale ija inalowa yonse, tswee, tswee, tswee, mpaka kumchira. Anaitulutsa, anaiyang'ana, naikulunganso kachiwiri ndi kachitatu. Panalibe mzere watsopano.

Atatsegula maso anapeza a Ebelesi ataima patsogolo pake, akuyang'ana manja akewo.

"Ndi mmene ankachitira Dyson?"

"Eya, azakhali."

"Zonsezi n'chifukwa cha mchenga wanga uja?"

A Ebelesi anayang'ana Fainesi, amene anali atakhala pansi pa mango, chitenje chili chimangire pachifuwa.

"Wanga woyamba anali Simoni," anatero a Ebelesi mawu ali pansi. "Anali ndi kachipsera pena pake pankhope. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyesa kukumbuka ngati kanali kumanja kapena kumanzere."

Analowa m'nyumba natuluka ndi chikwama chawo. Anayenda nacho mpaka pakhomo pa kachipinda kaja, anachiika pansi, nawongoka akugwira m'chiuno.

"Ine sindinakupatse kanthu, wamva? Ndakalamba, ndangoiwala chikwama pano. Ndikupita kumsika kukagula mchere, ndipo miyendo yangayi simayenda msanga."

Mchere unalipo thumba lathunthu m'nyumbamo, koma palibe amene anawakumbutsa.

Leah anali ataika kale mabotolo a mankhwala mumtsuko wa madzi kuti azizire, poti kunja kunkatentha ngati m'ng'anjo. Anabweza filimu m'kachitini kake kamera ikadali yotseka, kenaka anaitulutsa. Anauza Fainesi kuti akhale pakhomo asalole munthu aliyense kukhudza chitseko, ngakhale abusa amene. Anatseka, anapachika mabulangeti awiri, natsekera nsanza kunsi kwa chitseko. Anadikira mpaka atatsimikiza kuti dzanja lake lomwe sakuliona.

Aka kanali koyamba kukhala mumdimawo yekha. Fungo la mankhwala linali lomwe lija, koma kupuma kwa atate ake pambali kunalibe, ndipo anachita mantha. Anapukuta thukuta la m'manja pa chitenje kawiri, poti chala chonyowa chimamatirira pa filimu. Anatsegula kachitini, anadula nsonga ndi lumo, nailowetsa pakhomo pa kagudumu. Inagwira. Anayamba kupotoza. Itafika pakati, filimu inaima.

Akanakakamiza ikanapindika, ndipo popindika pamatuluka chipsera chosafufutika. Anasiya kupotoza, anapuma, nagogoda kagudumu m'mbali ndi chala pang'onopang'ono, katatu. Anayesanso. Inayenda, ndipo sinaimenso mpaka kumapeto. Anaika kagudumu m'thanki, anatseka chivundikiro, napapasa kuzungulira kuti amve ngati chakhala bwino. Atatero anatsegula chitseko, malaya atanyowa ndi thukuta.

Zotsalazo anachitira pakhomo, poti thanki ikatsekedwa kuwala sikulowa. Anathira mankhwala oyamba, wotchi ya atate ake ili pa mpando, ndipo mphindi iliyonse ankatembenuza thanki n'kuigogoda pansi. Anakhuthula, anatsukuluza, nathira achiwiri. Fainesi ankangoyang'ana kachigubu kakudako osaphethira. A Mailesi, amene sanatuluke m'siwa chiikire maliro, anabwera atafunda chitenje kumutu n'kukhala pa kampando. A Ebelesi anabwerako kumsika ndi kamchere m'pepala, naima chapatali ngati munthu wongodutsa.

Madzi osefa aja anathera potsukuluza. Leah anatsegula thanki, anatulutsa kagudumu, nayamba kumasula filimu ikudontha. Anaikweza kumwamba. Inali yoyera bwino, yopanda mzere, yopanda banga.

"Zatuluka," anatero.

Anaipachika pa chingwe m'kati mwa chitseko, kumunsi atamangirira chopanira zovala. Fainesi anayandikira. Kumtunda kwa filimuyo kunali aphunzitsi ofuna zithunzi za pamafomu, aliyense kamodzi. Kenaka mwamuna ndi ng'ombe zake, kamodzi. Banja lina pakhomo la tchalitchi, kamodzi. A Dyson anali otero: filimu inali yodula, ndipo ukaphethira pojambulidwa linali tsoka lako.

Atafika pa chithunzi cha mwana wake, Fainesi anabwerera m'mbuyo atagwira pakamwa.

"Mayo! Bwanji wayera chonchi? Maso ake ali mbee!"

"Musaope, amake Tiyanjane. Pa filimu chakuda chimaoneka choyera, choyera chimaoneka chakuda. Ikauma ndikaika papepala, mudzamuona mmene analili."

Fainesi anayandikiranso, manja atabisa kumbuyo kuopa kukhudza. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Ndi yemweyu," anatero. "Khutu lakelo. Linkaima chonchi."

Kenaka anatsitsa maso pa chithunzi chotsatira. Analinso Tiyanjane. Chotsatira, Tiyanjane, atatembenukira kumbali. Leah anawerama n'kumatsata filimu mpaka pansi. Panali mwanayo ali pamiyendo pa amake, panali nkhope yokha pafupi kwambiri, panali kadzanja katagwira mkanda wa m'khosi mwa amake. Pena anali akuyasamula. Kuchokera pamenepo mpaka pomwe filimu inathera panalibenso munthu wina.

"Khumi ndi zinayi," anatero Leah.

"Ine ndinapempha chimodzi," anatero Fainesi modabwa. "Atate anu atafika anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali, n'kundifunsa kuti wayamba liti kudwala. Anati m'mawa ndisaphike, ndilawirire naye kuchipatala. Ndiye anajambula, n'kunena kuti kamera yakana. Anaigogoda, anajambulanso, akuti yakananso. Ankazungulira uku ndi uku, kugwada, kudzuka, akuinena kamerayo kuti ndi nkhalamba yaulesi ngati mwini wake. Mpaka ine ndinaseka. Sabata yonse ndinali ndisanaseke."

Chithunzi chomaliza chinali chimenecho. Fainesi anali akuseka, mutu atapendeketsa, ndipo mwanayo anali atakweza nkhope kuyang'ana amake.

"Ndiye changa ndi chiti pamenepa?" anafunsa Fainesi.

"Zonse n'zanu," anatero Leah.

A Ebelesi anali atafika pafupi osadziwika, kamchere kaja kakadali m'manja. A Mailesi anadzuka pa kampando paja, nayang'ana filimuyo kuchokera pamwamba mpaka pansi.

"Zaka makumi awiri ndakhala nayo m'nyumba kamera imeneyo," anatero. "Sinayambe yakanapo."

Anakokera chitenje kumaso. Fainesi anagwada pansi pa chingwe, anatulutsa dzanja limodzi kumbuyo, ndipo chala chili m'malere, osakhudza, anayamba kuwerenga mwana wake kuchokera pa chithunzi choyamba.